Nambala imodzi siyingakuuzeni mmene mwala usweke

Pepala lililonse la kampani yogulitsa zophulitsira miyala limakhala ndi nambala imene ogula amathamangira kuiona. Ndi nambala yoyerekeza mphamvu ya mankhwalawo ndi ya ANFO (ammonium nitrate wosakaniza ndi dizilo), imene aipatsa 100. Uyu walemba 85, uyo 110, ndipo woyang'anira kwale amatenga nambalayo, n'kuigawa ndi mtengo wa kilogalamu, basi wasankha. Nambalayo si yabodza. Imanena kuchuluka kwa mphamvu imene ili mu kilogalamu imodzi. Chimene sinena ndi changu chimene mphamvuyo imatulukira, ndipo kusweka kwa thanthwe kumadalira changucho. Mfundo yanga ndi yakuti aliyense wophulitsa miyala mochuluka, kaya ndi ku migodi ya kopa ku Zambia, ku malasha a ku Moatize ku Mozambique kapena pa kwale yapafupi ndi Lilongwe, ayenera kumapima liwiro la kuphulika m'dzenje lake lenileni, osangokhulupirira za papepala.

Tiyambe ndi chinthu chimene ambiri chimawadabwitsa. Kilogalamu imodzi ya petulo ili ndi mphamvu pafupifupi ma megajoule 44. Kilogalamu ya TNT, mankhwala ophulika otchuka a m'mabomba, ili ndi pafupifupi 4.2 okha, kutanthauza kuti petulo amaiposa kakhumi. Komabe petulo saswa thanthwe, chifukwa amadikira mpweya kuti ayake ndipo amatulutsa mphamvu yake pang'onopang'ono. TNT ili ndi mpweya wake wa oxygen mkati momwe, ndipo kuphulika kumayenda mwa iyo pa liwiro la mamita pafupifupi 6,900 pa sekondi. Ndodo yake yotalika masentimita 20 imatha yonse mu magawo 29 a sekondi yogawidwa pamiliyoni. Kusiyana kwake kuli ngati kwa jeke ndi nyundo: jeke amanyamula lole yonse koma saswa mwala, pamene nyundo yaing'ono imauswa. Mphamvu yoswa mwadzidzidzi imeneyi m'mabuku amaitchula kuti brisance, ndipo ndi yosiyana ndi mphamvu yokankha imene mpweya wotentha umachita pambuyo pake, ija imatukula miyala yosweka n'kuiponya kutsogolo.

Masamu ake si ovuta. David Chapman mu 1899 ndi Émile Jouguet mu 1905 anafotokoza kuti kuphulika ndi funde lothinikiza limene limathamanga m'mankhwala, ndipo kumbuyo kwake kwenikweni kuli malo amene kupsa kumathera. Pulesha ya pamalo amenewo ndiyo muyeso wabwino kwambiri wa mphamvu yoswa. Mungaiwerengere motere: tengani density (kuthinana) ya mankhwala mu magalamu pa cm³, ichulukitseni ndi liwiro mu makilomita pa sekondi, muchulukitsenso ndi liwiro lomwelo, kenako mugawe ndi 4. Yankho limatuluka mu ma gigapascal, ndipo gigapascal imodzi ndi pafupifupi pulesha ya mpweya umene tikupumawu kuchulukitsa ka 10,000. 4 ameneyo si wamatsenga: ndi 1 kuphatikiza nambala yofotokoza mmene mpweya wa kuphulika umakanira kupanikizidwa, imene kwa mankhwala othinana imakhala pafupi ndi 3. Kwa mankhwala opepuka nambalayo imatsikako, kotero yankho limakhala loyerekeza chabe.

TNT ya density 1.6 pa liwiro la 6.9 imapereka pafupifupi 19. RDX, mankhwala enanso a m'mabomba, ya 1.8 pa 8.7 imapereka 34. Emulsion, ija imapopedwa m'maenje kuchokera m'galimoto, ya density 1.2 pa 5.5 imapereka 9. ANFO ya 0.82 pa 4.0 imangopereka 3.3. Tsono onani: mphamvu ya ANFO pa kilogalamu ndi pafupifupi ma megajoule 3.7, sili kutali ndi TNT, koma pulesha yake ndi yochepa pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Ndipo emulsion, imene papepala nthawi zambiri imakhala pansi pa 100 chifukwa ili ndi madzi mkati, imamenya thanthwe mwamphamvu pafupifupi katatu kuposa ANFO. Wogula amene anasankha poyang'ana nambala ija anaona zinthu chadodolido.

Chofunika kuchigwiritsitsa ndi chakuti liwiro limalowa kawiri m'masamuwo. Likatsika kuchoka pa 5,500 kufika pa 4,500, latsika ndi 18 peresenti yokha, koma pulesha yataya gawo limodzi mwa magawo atatu. Density nayo imalowa mobisika kangapo, chifukwa ikakwera liwiro limakweranso. TNT yongothira mosatsendera, ya density 1.0, imaphulika pa mamita pafupifupi 5,000 pa sekondi, ndipo pulesha yake imagwa kufika cha pa 6. Mankhwala ndi omwewo, kilogalamu ndi yomweyo, koma mphamvu yoswa yatsala gawo limodzi mwa atatu.

Akatswiri akale ankadziwa kuti pali zinthu ziwiri, kuswa ndi kukankha, ndipo njira zawo zopimira zimasonyeza zimenezo. Yotchuka ndi ya Isidor Trauzl ya mu 1885. Amaumba mtovu wobulungira, wotalika mamilimita 200 ndi wotambalala 200, wokhala ndi bowo la mamilimita 25 lozama 125. M'bowomo amaikamo magalamu 10 a mankhwala, n'kudzaza mchenga wouma pamwamba, n'kuphulitsa. Bowo limafufuma mkati. Amathiramo madzi kuti adziwe kukula kwake, n'kuchotserapo ma cm³ 61 a bowo loyamba. TNT imapereka pafupifupi 300, RDX pafupifupi 480. Zolakwika zake n'zodziwika: mtovu wotentha ndi wofewa, ndiye amapima pa madigiri 15 kapena kukonza yankho, mtovu woumbidwa molakwika umakhala ndi timphako, ndipo kapisozi woyatsira naye amathandiza kukuza bowo. Koma vuto lalikulu si limenelo. Mtovu umapitiriza kutanuka nthawi yonse imene mpweya ukukankha, choncho Trauzl amapima ntchito ya mpweya osati nkhonya yoyamba. Mukasakaniza ufa wa aluminiyamu m'mankhwala, bowo la Trauzl limakula, pamene liwiro ndi pulesha zimatsika. Komanso magalamu 10 m'bowo la mamilimita 25 ndi ochepetsetsa kwa mankhwala a m'migodi a lero, amene safika n'komwe pa liwiro lawo m'malo opanikiza chotero.

Njira zopimadi kuswa zimasiya mankhwala poyera, opanda chowatsekera, kuti mpweya uthawe ndipo chotsala chikhale kumenya koyamba kokha. Ya Hess imaimika mtovu wotalika mamilimita 60 ndi wotambalala 40, pamwamba pake chitsulo chophwatalala, pamwamba pa chitsulocho mankhwala. Akaphulitsa amapima kuti mtovu wafupika ndi mamilimita angati. Ya Kast imachita chimodzimodzi ndi kachidutswa ka kopa kopanikizidwa ndi pisitoni. Ku Los Alamos, ku America, anakonda kuimika mankhwala pa chitsulo chochindikala n'kupima kuzama kwa chibowo chimene chatsala, ndipo anapeza kuti kuzamako kumayenda limodzi bwino ndi pulesha ya Chapman ndi Jouguet. Zonsezi ndi njira zoyerekeza: zimakuuzani kuti ichi chaposa icho, malinga ngati chitsulo ndi cha mtundu umodzi ndipo mankhwala agona bwinobwino pa chitsulocho. Kampata kakang'ono ka mpweya pakati pawo kamachepetsa chibowo ndipo mumaweruza mankhwala abwino kuti ndi ofooka.

Popeza pulesha ndi yovuta kuipima mwachindunji, chanzeru ndi kupima liwiro. Njira ya Dautriche, ya ku France, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndimaikonda chifukwa sifuna magetsi. Mumatenga chingwe chophulika chimene liwiro lake mukulidziwa, tinene mamita 6,500 pa sekondi. Nsonga zake ziwiri mumazilowetsa m'mbali mwa katiriji (ndodo ya mankhwala) imene mukuipima, motalikirana mamilimita 100. Pakati penipeni pa chingwecho mumaika chizindikiro, n'kuchigoneka pa mbale ya mtovu. Katiriji ikaphulika, nsonga yoyamba imayaka, kenako yachiwiri mochedwerapo pang'ono. Mafunde awiriwo amathamanga m'chingwe n'kukumana, ndipo pokumanapo amadinda mzere pa mtovu. Mzerewo sukhala pa chizindikiro chija, umasunthira mbali ya nsonga imene inachedwa. Mukapima kuti wasuntha mamilimita 65, liwiro la katiriji ndi 6,500 kuchulukitsa ndi 100, kugawa ndi 130, ndiye 5,000. Mumagawa ndi kawiri ka 65 chifukwa funde lina linayenda mtunda woposa theka ndi 65, lina wochepera theka ndi 65. Kulakwitsa ndi milimita imodzi kumasokoneza liwiro ndi 1.5 peresenti, pulesha ndi 3. Cholakwika chachikulu chimabwera mukangotenga liwiro la chingwe kuchokera pa bokosi, kapena mukaika nsonga yoyamba pafupi kwambiri ndi kapisozi pamene kuphulika kusanakhazikike.

Koma katiriji yophulika pabwalo si mankhwala a m'dzenje la mamita 12, ndipo apa ndi pamene nkhani yonse yagona. Mankhwala monga TNT ndi RDX amapsa mwachangu kwambiri kotero kuti liwiro lawo silisintha kwenikweni ndi kukula kwa dzenje. Kwa iwo masamu a Kamlet ndi Jacobs a mu 1968, amene amawerengera liwiro ndi pulesha kuchokera ku density, kutentha kotuluka ndi kuchuluka kwa mpweya, amalondola bwino ndithu. ANFO ndi emulsion sizitero. Kupsa kwawo kumatenga mtunda wa masentimita kumbuyo kwa funde, ndipo pa nthawiyo mphamvu ina imathawira m'mbali. Dzenje likakhala laling'ono kapena thanthwe lofewa, yothawayo imachuluka. N'chifukwa chake ANFO imodzimodziyo imatha kuyenda pafupi ndi 3,000 m'dzenje lopapatiza, n'kupitirira 4,500 m'dzenje lalikulu la m'thanthwe lolimba. Bwererani ku masamu aja: kusiyana kumeneku ndi kuwirikiza pulesha koposa kawiri. Nambala ya liwiro ya papepala inawerengedwa ndi kompyuta poganiza kuti zonse zapsa bwino, kapena inapimidwa m'paipi ya kukula kwina.

Kupima m'dzenje kumachitika chonchi. Musanathire mankhwala, mumatsitsa waya wapadera amene kukana kwake magetsi pa mita iliyonse n'kodziwika, womangidwa pamodzi ndi choyatsira cha pansi. Makina ojambulira amakhala patali, akutumiza magetsi ochepa osasintha m'wayamo. Kuphulika kukamakwera kumadya waya n'kumalumikiza nsonga zake, waya amafupika, voteji imatsika, ndipo makina amalemba kutsikako kangapo miliyoni imodzi kapena ziwiri pa sekondi. Mankhwala otalika mamita 10 pa liwiro la 5,000 amatha mu magawo 2 a sekondi yogawidwa pa 1,000, ndiye mumapeza madontho masauzande pa chithunzi cha mtunda ndi nthawi. Kupendekeka kwa mzerewo ndiko liwiro. Ochita ntchitoyi amasankha dzenje loyamba kuphulika kapena la kumapeto kwa mzere, chifukwa miyala ya maenje oyandikana ikadula waya msanga, chithunzi chimathera panjira.

Chithunzi chimenechi chimaulula zimene mulu wa miyala sungakuuzeni. Mzere ukayamba mofooka kwa mita yathunthu kapena iwiri, choyatsira ndi chaching'ono kapena chamira m'matope a pansi, ndipo pansi ndi pamene thanthwe limavuta kwambiri kusweka. Mawa lake makina okumba adzakumana ndi chitsa cha mwala. Mzere ukakhota pakati, pali madzi kapena dothi logumuka limene ladula mankhwala. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ili ndi vuto la tsiku ndi tsiku m'dera lathu lino: ammonium nitrate amasungunuka m'madzi, ANFO yonyowa imayenda mochedwa kapena kuzima, ndipo utsi wofiirira ngati lalanje umene umakwera pambuyo pake ndi mpweya wapoizoni wa nitrogen dioxide, chizindikiro chakuti ndalama zapsa mosakwanira. Emulsion siopa madzi koma ili ndi matenda ake. Imaphulika chifukwa cha tithovu ta mpweya timene tili mkati mwake. M'dzenje lakuya, kulemera kwa mankhwala a pamwamba kumafinya tithovu ta pansi, density imakwera, ndipo ikafika cha pa 1.3 mankhwala amatha kukana kuphulika. Funde la dzenje loyandikana limachitanso zomwezo ngati maenje abooledwa mokhota n'kuyandikirana pansi. Kapu yopimira density imene wa galimoto amadzaza n'kuika pa sikelo imangonena za pamwamba pa dzenje. Imafunika ndithu, ndipo iyenera kupimidwanso patapita mphindi zimene wopanga ananena kuti tithovu tikule, koma za pansi imangoziyerekeza.

Wina angaganize kuti ndikulimbikitsa kugula mankhwala othamanga kwambiri. Ayi. Pulesha imene imafika pa khoma la dzenje ndi pafupifupi theka la ija tinawerengera, ndiye kwa emulsion ndi ma gigapascal 4 kapena 5. Granite wolimba amaphwanyika pa 0.2. Kumenya kopitirira chotero kumapera mwala wozungulira dzenje kukhala ufa, ndipo mphamvu yambiri imathera pamenepo. Ntchito yopindulitsa imachitika patsogolo pake, pamene funde likukoka mwala n'kutsegula ming'alu, chifukwa mwala ndi wofooka kakhumi kapena kuposa ukamakokedwa kusiyana ndi ukamapanikizidwa. Kenako mpweya umalowa m'ming'alumo n'kuitalikitsa. Thanthwe lolimba lopanda ming'alu yachibadwa limafuna kumenyedwa mwamphamvu, ndipo mgodi wa kopa umene udzapere miyalayo m'zigayo zodya magetsi ambiri umapindula ikasweka tizidutswa ting'onoting'ono. Miyala yofewa, yosanjikizana kale, ngati imene imaphimba malasha, imangofuna kukankhidwa, ndipo ANFO yotchipa m'dzenje louma imagwira ntchitoyo bwino kuposa emulsion yodula. Pa kwale, kumenya kwambiri kumachulukitsa fumbi pamene womanga msewu anaitanitsa miyala ya mamilimita 19. Odula miyala ikuluikulu yokongoletsera nyumba, monga granite wakuda wa ku Mutoko ku Zimbabwe, saufuna n'komwe mng'alu wosaoneka mkati mwa mwala, ndiye mphamvu yoswa ndi mdani wawo.

Ngakhale pa mgodi umodzi womwewo pamafunika zonse ziwiri. Pokonza khoma lomaliza la mgodi, akatswiri amachepetsa dala kumenyako poika katiriji yopyapyala m'dzenje lalikulu kuti mpweya wozungulira ukhale khushoni. Masamu amene ambiri amagwiritsa ntchito amati pulesha imatsika molingana ndi kukula kwa katiriji kugawa ndi kwa dzenje, kukwezedwa ku mphamvu ya 2.4. Katiriji ya mamilimita 32 m'dzenje la 89 imatsitsa pulesha pafupifupi ka 12, mpaka kufika pamene imang'amba mzere pakati pa maenje popanda kupera khoma. Dzenje limenelo likadzaza madzi khushoni yatha, chifukwa madzi sapanikizika ndipo amapereka nkhonya yonse ku khoma.

Chitsutso chimene ndimachilemekeza n'chakuti makina opimira ndi odula, waya amatha pa kuphulitsa kulikonse, ndipo ambiri amakonza maenje awo ndi masamu a Kuz-Ram olosera kukula kwa miyala yosweka, amene Claude Cunningham wa ku South Africa anawasonkhanitsa mu 1983, ndipo ntchito imayenda. N'zoona, imayenda. Koma onani zimene masamuwo amafunsa: mtundu wa thanthwe, makilogalamu pa mita imodzi ya kiyubiki, makilogalamu pa dzenje, ndi nambala ija yoyerekeza ndi ANFO. Mmene anayambira, liwiro munalibemo, ndipo n'zodziwika kuti amachepetsa kuchuluka kwa fumbi. Choncho zinthu zikalakwika, miyala ikuluikulu ikatsala, masamuwo ali ndi yankho limodzi: onjezerani mankhwala kapena yandikizani maenje. Ngati vuto linali madzi pansi pa dzenje, mwawonjezera ndalama zoboolera, mwawonjezera kunjenjemera kwa nthaka ndi miyala youluka kwa anthu oyandikana nanu, koma chitsa chija chikadalipo. Sikofunika kupima tsiku lililonse kapena kugula makinawo. Makampani akuluakulu ogulitsa mankhwala amakhala nawo, ndipo wogula angalembe mu mgwirizano kuti liwiro lipimidwe m'maenje ake poyamba, mankhwala akasinthidwa, kukula kwa dzenje kukasintha, ndi mvula ikayamba.

Nanga kuyerekeza ndi TNT kumene timamva pa wailesi kulibe ntchito? Kuli nayo, pamalo pake. Pa 4 Ogasiti 2020, nyumba imene munasungidwa matani 2,750 a ammonium nitrate inaphulika pa doko la Beirut ku Lebanon n'kupha anthu oposa 200. Akatswiri a ku yunivesite ya Sheffield anagwiritsa ntchito makanema a pa foni, kuona nthawi imene funde linafika pa mitunda yosiyanasiyana, ndipo anapeza kuti kunali kofanana ndi matani a TNT pakati pa 500 ndi 1,100. Njira imeneyi ndi yofanana ndi imene G. I. Taylor anasindikiza mu 1950 poyerekeza mphamvu ya Trinity, bomba loyamba la nyukiliya, kuchokera pa zithunzi. Imagwira chifukwa patali funde la mumpweya limaiwala kuti linachokera ku mankhwala othamanga kapena ochedwa, limangotsatira kuchuluka kwa mphamvu imene inatuluka. Mtunda wa chiwonongeko umakula molingana ndi cube root ya kulemera: mukachulukitsa mankhwala ka 8, mtunda umangowirikiza kawiri. Pa mfundo imeneyi ndi pamene pamachokera mitunda imene malamulo amafuna pakati pa nyumba yosungira zophulika ndi nyumba za anthu. Khoma la dzenje silili patali. Lagundana ndi mankhwala, ndipo limamva liwiro ndi density.

Lipoti la wophulitsa wa chiphaso nthawi zambiri limakhala ndi chiwerengero cha maenje, kuzama kwawo, makilogalamu ndi nthawi yochedwetsera. Ine ndikanawonjezapo mizere inayi: kuzama kwa madzi m'dzenje lililonse asanathire, density ya m'kapu poyamba ndi pambuyo pa kudikira, maola amene mankhwala anagona m'dzenje asanaphulitsidwe, ndi liwiro lomaliza kupimidwa m'dzenje la kukula komweko pamodzi ndi tsiku lake. Itatu yoyambayo imangofuna tepi, sikelo ndi wotchi.